Intaneti ikamadukaduka anthu akachuluka, yambani kuona mizere ya pa firewall

Vutoli lili ndi khalidwe lake, ndipo mukalizindikira kamodzi simudzalisokonezanso ndi lina. M'mamawa anthu asanafike pa ofesi zonse zimayenda bwinobwino. Ikangopitirira 9 koloko, makompyuta onse atayatsidwa, mafoni atalumikizika pa Wi-Fi, wina akutumiza malipoti pomwe foni ya wina ikukweza zithunzi ku Google Photos, zinthu zimayamba kuvuta. Tsamba limatseguka theka, mawu pa WhatsApp amadukaduka, SSH imangoti zii kenako n'kubwerera yokha. Mukazimitsa rauta n'kuyatsanso zimakhala bwino kwa kanthawi, mawa lake n'kuyambiranso. Mukaimbira kampani yokupatsani intaneti amakuuzani kuti kwawo kulibe vuto, ndipo nthawi zambiri sakhala akunama.

Firewall ndi mlonda wa pakhomo pakati pa netiweki yanu ndi intaneti, ndipo zonse zodutsapo zimayenda m'tizidutswa totchedwa mapaketi. Ntchito yake sithera pa kunena kuti paketi iyi ilowe, iyo ibwerere. M'kati mwake muli malo angapo pomwe mapaketi amaima pamzere (queue) kudikira. Ena amadikira kuti pulogalamu yofufuza zoipa iwaone kaye, ena amadikira mpata wotulukira pa chingwe chopita kunja. Mzere uliwonse uli ndi malire ake. Ukadzaza, paketi yobwera pambuyo imatayidwa mwakachetechete, ndipo palibe amene amauza kompyuta yomwe yaitumiza. Ukakhala wautali kwambiri paketi sitayidwa koma imafika mochedwa. Ntchito yonse ndi kudziwa kuti ndi mzere uti womwe wadzaza, komanso chomwe chikuchedwetsa kutsogolo kwake.

Tsimikizani kaye kuti ndi mzere

Musakhudze kalikonse musanayeze. Pa kompyuta imodzi yolumikizidwa ndi chingwe, osati Wi-Fi, tsegulani ma terminal atatu. Woyamba uchite ping (kutumiza timapaketi n'kuyeza nthawi yomwe yankho likutenga) ku adiresi ya m'kati ya firewall, wachiwiri ku gateway ya kampani ya intaneti (makina awo oyamba omwe mapaketi anu amafikira), wachitatu ku 1.1.1.1 kapena 8.8.8.8. Zisiyeni ziziyenda, ndiye pa kompyuta ina yambani kukweza fayilo yaikulu pa intaneti. Kukweza, osati kutsitsa, chifukwa mbali yotumiza ndi imene imakhala yopapatiza pa maphukusi ambiri a intaneti ndipo ndi imene imayamba kudzaza.

Ngati ping yoyamba ikutaya mapaketi ngakhale popanda wina akukweza kanthu, kaoneni chingwe ndi switch. `ip -s link` ndi `ethtool -S eth0` zikuonetsani ngati pali zolakwika za CRC, zosonyeza mapaketi owonongeka panjira. Ngati masamba ena okha ndi amene amakana nthawi zonse, usana ndi usiku, anthu alipo kapena palibe, ganizirani za MTU, malire a kukula kwa paketi imodzi. Zimenezo si za mzere. Vuto la mzere limakwera ndi kutsika limodzi ndi kuchuluka kwa zomwe zikudutsa. Ping yachiwiri ndi yachitatu ikachoka pa 30 ms n'kufika 800 ms kapena 2000 ms fayilo ikangoyamba kukwera, kenako n'kutsikanso ikatha, mzere ndi wautali mopyola. Nthawi ikakhala yomweyomweyo koma mayankho ena akusowa, mzere ndi waufupi kapena wadzaza ndipo ukutaya.

Muthanso kumva ndi mmene kuchedwako kukubwerera. Paketi yoyamba ya TCP ikatayika, kompyuta imadikira sekondi 1 isanayeserenso, kenako 2, kenako 4. Funso la DNS (lofunsa adiresi ya dzina la tsamba) likatayika pa Linux yomwe simunasinthe kalikonse mu resolv.conf, imadikira masekondi 5. Choncho munthu akanena kuti tsamba limakhala kaye phee kwa masekondi ngati 5 kenako n'kutseguka lonse nthawi imodzi, kawirikawiri ndiye kuti paketi ya DNS yatayika panjira.

NFQUEUE pa Linux, pomwe ambiri amagwera

Ngati pa firewall yanu pali pulogalamu yofufuza zoipa ya Suricata kapena Snort yoikidwa kuti izitchinga zoipa, osangoti kuziona n'kulemba, ndiye kuti mwina mapaketi akudutsa mu NFQUEUE. Njirayi inalowa mu Linux 2.6.14 m'chaka cha 2005. Kernel, mtima wa Linux, imagwira paketi, kuiika pamzere wokhala ndi nambala yake, kuitumiza kwa pulogalamuyo kudzera pa socket ya netlink, n'kudikira chigamulo chakuti idutse kapena itayidwe. Chigamulo chisanabwere paketiyo siyenda. Onani ngati muli ndi lamulo lotere:

`iptables -L -n -v | grep NFQUEUE`

kapena, kwa ogwiritsa ntchito nftables, `nft list ruleset | grep queue`. Mukalipeza, pitani ku `dmesg`. Uthenga womwe mukufuna umaoneka chonchi: `nf_queue: full at 1024 entries, dropping packets`. Nambala ya 1024 ndi malire omwe kernel imaika yokha pulogalamu ikapanda kupempha ena. Suricata imadzisankhira kutalika kwa mzere potengera `max-pending-packets`, ndiye musadabwe mukaona nambala ina.

Koma dmesg imangokuuzani kuti zinachitikapo. Chomwe chimaonetsa mmene zilili panopa ndi kafayilo kamodzi komwe anthu ochepa amakatsegula:

`watch -n1 cat /proc/net/netfilter/nfnetlink_queue`

Mzere uliwonse wa NFQUEUE umaoneka ngati manambala 9 ondondozana popanda mitu, mwachitsanzo `0 2345 1024 2 65531 48213 0 9120044 1`. Yoyamba ndi nambala ya mzere, yachiwiri ndi ya pulogalamu yomwe yaugwira. Yachitatu ndi mapaketi omwe akudikira chigamulo pa mphindi yomweyo. Yachisanu ndi chimodzi ndi omwe atayidwa chifukwa mzere unadzaza, yachisanu ndi chiwiri ndi omwe atayidwa chifukwa socket ya netlink inalibe malo, ndipo yachisanu ndi chitatu imangowerenga mapaketi onse omwe alowamo. Pa makina athanzi, yachitatu imasewera pakati pa 0 ndi timanambala tating'ono, pomwe yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri zimangokhala duu osasuntha.

Mukaona kafayiloka kali kopanda kanthu pomwe lamulo la NFQUEUE lilipo, palibe pulogalamu yomwe ikumvetsera, ndipo kernel ikutaya paketi iliyonse yofika pa lamulolo. Izi zimakonda kuchitika magetsi akathima n'kubweranso. Makina amayaka, malamulo a iptables amalowa msanga, koma Suricata imatenga nthawi kuwerenga malamulo ake masauzande ambirimbiri, kapena imalephera n'komwe kudzuka chifukwa disiki yadzaza ndi ma log. Anthu amaona Wi-Fi yalumikizika, firewall ikuyankha ping, koma kunja kulibe chotuluka. Mankhwala ake ndi `--queue-bypass`, yomwe inabwera mu Linux 2.6.39. Imauza kernel kuti ngati palibe womvetsera, mapaketi azingodutsa.

Apa pali msampha. `--queue-bypass` imathandiza pokhapokha pulogalamu ikakhala kuti palibe. Ikakhalapo koma ikuchedwa mpaka mzere kudzaza, mapaketi amatayidwabe. Chomwe chimathandiza pamenepo ndi fail-open, yomwe kernel ili nayo kuyambira 3.6, ndipo mu suricata.yaml mumaiyatsa polemba `fail-open: yes` pansi pa gawo la `nfq`. Ziwirizi mtengo wake ndi umodzi, wakuti pa nthawi imeneyo mapaketi akudutsa osafufuzidwa. Ine ndimaona kuti pa ofesi wamba kapena pa sukulu ndi bwino kuziyatsa zonse, bola pakhale chokuchenjezani Suricata ikagwa, popeza ofesi yopanda intaneti tsiku lonse imathera pakuti abwana alamula kuti chofufuzacho chichotsedwe kotheratu. Pa seva yosunga za ndalama kapena za odwala nkhani yake ndi ina, ndipo amene ayenera kugamula ndi mwini wa zinthuzo atauzidwa momveka, osati wa IT payekha usiku.

Ngati nambala yachitatu imakwera anthu akachuluka n'kutsika akachepa, pulogalamuyo ikulemedwa. Tsegulani `top`, dinani 1 kuti muone core iliyonse payokha. Nthawi zambiri mupeza imodzi ili pa 100% pomwe zinzake zikungogona, chifukwa mzere umodzi umasamalidwa ndi thread imodzi. Gawani ntchitoyo:

`iptables -I FORWARD -j NFQUEUE --queue-balance 0:3 --queue-bypass`

`suricata -c /etc/suricata/suricata.yaml -q 0 -q 1 -q 2 -q 3`

Onetsetsani kuti manambala a mbali ziwirizi akugwirizana. Mukagawa mizere inayi koma Suricata n'kumvetsera pa itatu yokha, popanda bypass, pafupifupi kulumikizana kumodzi mwa kunayi kulikonse kumafa pomwe kwina kukuyenda, ndipo vuto lotere limazunguza mutu kuposa intaneti yongodukiratu. Dziwaninso kuti kernel imaika mapaketi onse a kulumikizana kumodzi pamzere umodzi, kuti asasokonekere dongosolo. Ndiye backup yaikulu yausiku yochoka pa seva ina kupita pa ina idzadzazabe mzere wake ngakhale mutakhala ndi mizere 8. Zoterozo, ngati mumazidziwa komwe zikuchokera ndi komwe zikupita, zipatseni lamulo la ACCEPT pamwamba pa la NFQUEUE kuti zisalowe n'komwe pamzerepo. Chepetsaninso malamulo a Suricata. Palibe chifukwa chofufuzira zoukira makina a m'mafakitale pa ofesi yokhala ndi makompyuta 20 ndi printa.

Nambala yachisanu ndi chiwiri ikamakwera, pulogalamu sikutola msanga zomwe kernel yaika pa socket. Amene analemba okha pulogalamu ndi libnetfilter_queue amaona `recv` ikubweza ENOBUFS, mawu ake akuti `No buffer space available`. Malo a socket akhoza kukulitsidwa ndi `nfnl_rcvbufsiz`, ndipo pali NETLINK_NO_ENOBUFS yomwe imangotseka pakamwa uthengawo osabweza paketi ngakhale imodzi. Ndipo ngati nambala yachitatu ikungokwera pang'onopang'ono osatsikanso, ngakhale usiku kulibe munthu, pulogalamu ikuiwala kupereka chigamulo pa mapaketi ena. Amaunjikana mpaka malire, kenako zonse zimaima. Mukaiyatsanso mzere umakhuthulidwa, n'chifukwa chake kuzimitsa n'kuyatsa kumaoneka ngati kwathetsa vuto pomwe kwangoyambitsanso kuwerenga.

Chifukwa chake kukulitsa mzere si yankho

Munthu akaona mawu akuti mzere wadzaza, choyamba kubwera m'mutu ndi kuukulitsa. Nthawi zina n'koyenera, makamaka ngati mapaketi amabwera mwa chigulu kwa kamphindi kenako n'kudekha. Koma ngati zolowa zikuposa zotuluka nthawi zonse, zili ngati kukuza khonde la pa chigayo pomwe injini ndi yomweyo. Matumba ambiri apeza pokhala, koma ufa sutuluka msanga, ndipo wobwera ndi kathumba kakang'ono adikira kumbuyo kwa onsewo.

Chitani masamu. Paketi yodzaza imakhala ma byte 1500, omwe ndi ma bit 12,000. Mzere wa mapaketi 1000, womwe ndi txqueuelen yachizolowezi pa Linux, umasunga ma bit 12 miliyoni. Ngati mumatumiza pa 2 Mbit/s, paketi yomaliza pamzerepo idikira masekondi 6. Palibe kuimbirana komwe kungapirire zimenezo. Mzere wa mapaketi 50 pa liwiro lomwelo ndi 300 ms. Vutoli Jim Gettys analitchukitsa ndi dzina lakuti bufferbloat m'chaka cha 2010, ndipo mu 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa CoDel, yomwe siwerenga kuchuluka kwa mapaketi koma nthawi yomwe akhala akudikira. Ikaona kuti kwa 100 ms kudikira sikunatsikepo pansi pa 5 ms, imayamba kutaya mapaketi apo ndi apo kuti otumiza achepetse liwiro. FQ-CoDel imaonjezera kupatsa kulumikizana kulikonse kamzere kake, kotero kuti funso la DNS silikhala kumbuyo kwa kanema wa munthu wina. Inalowa mu Linux 3.5, inalembedwa mu RFC 8290 m'chaka cha 2018, ndipo CAKE, yomwe ndi mbale wake wosavuta kuika, inalowa mu 4.19.

Pa Linux onani mmene zilili ndi `tc -s qdisc show dev eth0` (apa eth0 ndi khomo lotulukira kunja), maso anu akhale pa `dropped` ndi `backlog`. Mukapeza kuti backlog ili pa 0 pomwe ping ikufika masekondi, mzerewo suli pa makina anu. Uli mu modemu kapena kwa kampani ya intaneti, komwe simungaukhudze. Njira yake ndi kuukokera kwanu. Yezani liwiro lenileni lotumizira kangapo pa nthawi zosiyana, ndiye ikani malire pansi pake pang'ono, pakati pa 85% ndi 95%. Ngati mumapeza 10 Mbit/s:

`tc qdisc replace dev eth0 root cake bandwidth 9mbit nat`

Mwataya kaliwiro pang'ono, koma mzere tsopano uli pomwe mungathe kuulamulira. Pa OpenWrt zomwezi zimachitika ndi luci-app-sqm. Pa 4G kapena Starlink liwiro limasinthasintha, ndiye tengani nambala ya nthawi yomwe zimavuta, osati yomwe munapeza 5 koloko m'mawa. Mukaika malire oposa zomwe mukulandiradi, zonse mwachitazi zilibe ntchito.

pf, pfSense ndi uthenga wosocheretsa

Pa OpenBSD, FreeBSD ndi pfSense, zomwe zimagwiritsa ntchito firewall yotchedwa pf, vutoli limadzionetsa mwanjira ina. Mukachita ping muli pa firewall penipeni mumaona `ping: sendto: No buffer space available`. Ambiri amathamangira kuonjezera RAM. Yambani ndi `netstat -m`. Ngati palibe zopempha za mbuf (timalo ta RAM tosungira mapaketi) zomwe zakanidwa, RAM ilibe mlandu. Pa BSD, mzere wotulukira ukakana paketi yochokera pa makina omwewo, pulogalamu yotumizayo imauzidwa ndi uthenga umenewu, pomwe Linux nthawi zambiri imangotaya osanena.

`pfctl -vsq` ikuonetsani mzere uliwonse ndi `dropped pkts` komanso `qlength`. Pa pfSense zomwezo zili pa Status kenako Queues. Malire achizolowezi a ALTQ, gawo loyendetsa mizere ya pf, ndi mapaketi 50, ndiye mukaona `qlength: 50/ 50` mwaupeza. Kawirikawiri umakhala mzere wa default, chifukwa chilichonse chomwe sichinagwirizane ndi lamulo lina chimagwera mmenemo. Munthu amayendetsa wizard, kupatsa VoIP ndi masewera gawo lalikulu, default n'kuisiyira nyenyeswa, osadziwa kuti pafupifupi zonse za masiku ano zimadutsa pa port 443 n'kugwera mu default momwemo. Onaninso ngati ma ACK a TCP, timapaketi totsimikiza kuti zotumizidwa zafika, ali ndi mzere wawo wapamwamba. Akamatayika potumiza, kutsitsa nakonso kumachedwa ngakhale mbali imeneyo muli mpata.

Mukasintha malamulo musafulumire kunena kuti sizinagwire. pf imamangirira mzere ku state, zomwe imakumbukira za kulumikizana kulikonse, choncho kulumikizana komwe kunalipo kale kumapitirira pamzere wakale mpaka kutatha. `pfctl -F states` imafufuta zonse, koma imadula aliyense, kuphatikizapo inuyo ngati mwalowa pa SSH, ndiye ichiteni anthu ataweruka. Samalaninso ndi malangizo akale. OpenBSD inabweretsa kalembedwe katsopano ka mizere mu 5.5 ndipo inachotsa ALTQ mu 5.6, zonsezi mu 2014, pomwe FreeBSD inaisunga. Lamulo la mu pf.conf logwira kwina likhoza kukanidwa kwina. Pa pfSense, njira yachidule masiku ano ndi Limiters zokhala ndi FQ_CODEL m'malo mwa mtengo wa mizere yambirimbiri.

MikroTik

Pa marauta a MikroTik zokhumudwitsa ndi ziwiri zotsutsana. Simple queue yatsopano imatenga mtundu wa default-small, womwe ndi mzere wa mapaketi 10 okha. Kwa munthu mmodzi pa liwiro lochepa ndi wokwanira, koma mukaikamo ofesi yonse umataya kwambiri. `/queue simple print stats` ikuonetsani dropped ikukwera. Pa RouterOS 7 pangani mtundu watsopano wa fq-codel kapena cake n'kuugwiritsa ntchito pamenepo. Ogwiritsa ntchito PCQ, mtundu wa mzere wopatsa aliyense kamzere kake, aone pcq-limit ndi pcq-total-limit. Zikasiyidwa pa 50 ndi 2000, anthu 40 okha otanganidwa amadzaza malo onse, ndipo wa 41 amayamba kutayiridwa ngakhale sanafike pa malire ake.

Chachiwiri ndi FastTrack, njira yachidule yomwe imapeputsa ntchito ya CPU. Mapaketi omwe yawagwira amalumpha simple queue, ndiye mumakonza mizere tsiku lonse koma manambala ake osasuntha. Mukaizimitsa kuti mizere igwire, CPU ya karauta kakang'ono ikhoza kufika 100% n'kuyamba kutaya mapaketi payokha. `/tool profile` ikuuzani ngati zafika pamenepo, ndipo zikatero palibe lamulo lomwe lingathandize kupatula kuchepetsa ntchito kapena kugula rauta yamphamvu.

Chofanana nacho koma china

Musanamalize, fufuzani mu dmesg mawu akuti `nf_conntrack: table full, dropping packet`. Uwu si mzere koma kaundula wa kulumikizana konse komwe firewall ikukumbukira. Akadzaza, kulumikizana kwakale kumayendabe koma kwatsopano kumakanika, ndiye amene ali kale pa Zoom sadandaula pomwe mnzake sangatsegule tsamba. Yerekezani `sysctl net.netfilter.nf_conntrack_count` ndi `net.netfilter.nf_conntrack_max`. Apa kukulitsa malire n'kololeka ngati RAM ilipo, koma onani kaye ndi `conntrack -L` kuti ndani wadzaza kaundulayo, popeza kawirikawiri imakhala kompyuta imodzi yokhala ndi torrent kapena virus. Komanso kulumikizana kwa TCP komwe kunafa osatsanzika, monga kwa foni yomwe yangochoka pa Wi-Fi, kernel imakusunga masekondi 432000, omwe ndi masiku 5. Kutsitsa `nf_conntrack_tcp_timeout_established` kufika pa 86400 kumamasula malo ambiri pa ofesi yomwe mafoni amalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Lembani kusinthako mu fayilo ya mu /etc/sysctl.d, apo ayi magetsi akadzangothima zidzabwerera mwakale.